Lipoti la nkhani: bambo amene ankamwa mowa kuti athe kulowa m'nyumba mwawo

Lipotili ndalembera anzanga a ntchito ya uphungu ndi ena onse othandiza anthu ovutika ndi mowa. Dzina ndi zonse zimene zingawazindikiritse ndachotsa, ndipo eni ake anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe. Chandichititsa kulemba n'chakuti kwa milungu inayi ndinkachiza nthenda imene bambowa analibe, ndipo ndikudziwa kuti mbuna imeneyi timagweramo ambiri.

Mmene anafikira kwa ine

Ndi bambo a zaka 41, ali pabanja, ana atatu, ntchito yokhazikika. Anatumizidwa ndi dokotala amene ankawaona chifukwa cha chilungulira ndi kupweteka kwa m'mimba. Magazi atayezedwa, GGT, chinthu cha m'magazi chimene chimasonyeza mmene chiwindi chilili, inapezeka yokwera, chizindikiro chakuti chiwindi chayamba kulemedwa.

Anabwera atatchena, nsapato zikuwala, koma manja anawabisa pansi pa tebulo. Nditawapatsa pepala loti asayine, cholembera chinkanjenjemera. Inali 9 koloko m'mawa ndipo anali atamwa komaliza cha m'ma 10 koloko usiku.

"Alangizi, ine si chidakwa," anatero ndisanafunse chilichonse. "Ntchito ndimagwira, ana ali pasukulu, pakhomo sagona ndi njala. Ndimangocheza ndi anzanga tikaweruka, basi."

Zimene ndinapeza powaunika

Tinawerengera limodzi masiku 30 apitawo, tsiku ndi tsiku, tikuyang'ana kalendala. Pakati pa mlungu ankamwa mabotolo 6 mpaka 8 tsiku lililonse, Loweruka ndi Lamlungu kuposa apo. Botolo la mamililita 330 la mowa wa 5 peresenti limakhala ndi magalamu pafupifupi 13 a alcohol, chinthu chimene chimaledzeretsa mu mowa, choncho tsiku wamba ankamwa magalamu 80 mpaka 100. Bungwe la zaumoyo la WHO limati munthu wamwa mopitirira akafika magalamu 60 pa nthawi imodzi, ndipo bambowa ankadutsa malire amenewa tsiku lililonse.

Pa mafunso 10 a AUDIT oyezera kamwedwe ka munthu, amene mapointi ake amathera pa 40, anapeza 24. Kuyambira 8 timati kamwedwe kafika poika moyo pachiswe, ndipo kuyambira 20 timaganizira zoti thupi layamba kudalira mowa. Pa zizindikiro 11 za m'buku la DSM-5 la 2013, lofotokoza matenda a m'maganizo, anali ndi 7, ndipo 6 zimakwanira kuti vutolo litchedwe lalikulu. Zina mwa izo: kumwa kuposa mmene anakonzera, kulephera kuchepetsa, chibaba, kufuna wambiri kuti amve mmene ankamvera kale, ndi kunjenjemera kwa m'mawa. Sanagwepo ngati wakhunyu kapena kubwebweta chifukwa chosowa mowa. Bambo awo owabereka ankamwanso kwambiri, ndipo kafukufuku wa mapasa amasonyeza kuti pafupifupi theka la chiopsezo cha vutoli limayenda m'magazi. Tulo ankagona msanga koma cha m'ma 2 koloko ankadzidzimuka, thukuta lili kamukamu, osagonanso.

Ndinafunsanso ngati pali chachikulu chimene chinawachitikira pa moyo wawo. Anati zaka ziwiri zapitazo anachita ngozi ya galimoto, "koma zinatha, tonse tili moyo." Ndinalemba mzere umodzi m'fayilo n'kupita pa funso lina.

Funso lakuti amamweranji

Kuchuluka kwa mabotolo kumatiuza kukula kwa ngozi, koma njira yothandizira imachokera pa ntchito imene mowawo ukugwira pa moyo wa munthuyo. Mu 1988 akatswiri a zamaganizo Miles Cox ndi Eric Klinger anafotokoza kuti munthu amamwa chifukwa akuyembekezera kuti mumtima mwake musintha. Mu 1994 M. Lynne Cooper anatenga mfundoyi n'kugawa zifukwa zomwera panayi. Pali womwa kuti awonjezere chisangalalo, womwa kuti macheza akome, womwa poopa kusalidwa ndi anzake, ndi womwa kuti aziziritse chimene chikumupweteka mumtima. Awiri oyambawo akufunafuna chokoma, awiri enawo akuthawa chowawa. Womwa pofuna chisangalalo amakonda kupapira wambiri nthawi imodzi. Koma amene amatidetsa nkhawa kwambiri ndi womwa kuti aiwale, popeza chifukwa chimenechi chimayenderana ndi mavuto a mowa ngakhale titayerekeza anthu omwa mabotolo ofanana, ndipo chimayenderananso ndi kumwa pawekha.

Ndinawapatsa mafunso 20 a Cooper. Pa zamacheza anachonga pamwamba ponseponse. Pa mafunso onga akuti "ndimamwa kuti ndiiwale nkhawa zanga" anachonga pansi, mpaka kuseka: "Nkhawa zanji, alangizi?" Ndinakhulupirira pepalalo. Ndinaiwala kuti pepala limangobweza zimene munthu wavomera kudziuza yekha, ndipo kwa abambo ambiri kunena kuti "ndimamwa ndi anzanga" n'kosavuta kusiyana ndi kunena kuti "ndimaopa."

Dongosolo loyamba ndi mmene linalepherera

Zosiya mowa kotheratu anakana. Sindinakangane nawo, pajatu njira imene William Miller anayambitsa mu 1983 inatiphunzitsa kuti ukamukankha munthu kuti asinthe, iye amayamba kuikira kumbuyo chizolowezi chake. Ndinangowachenjeza mwamphamvu kuti asasiye mwadzidzidzi popanda dokotala, ndipo tinagwirizana zochepetsa pang'onopang'ono. Popeza ndinkaona ngati vuto ndi anzawo, tinayeserera kukana akapatsidwa botolo, tinasintha njira yobwerera kunyumba kuti asadutse pamalo omwera, ndipo ndinawapempha kuti azilemba m'kabuku nthawi, malo ndi kuchuluka kwa zimene amwa.

Anamvera zonse. Kubala anasiyadi kupita. Pa mlungu wachitatu ndinawayamikira kwambiri.

Pa mlungu wachinayi akazi awo anaimba foni. "Pepani, koma bambo kunyumba kuno zafika poipa. Kale ankabwera ataledzera koma akuseka. Panopa akumabwera maso ali psuu, osayankhula ndi munthu." Zinapezeka kuti anayamba kugula mowa waukali wa m'kabotolo kakang'ono, n'kuimika galimoto chapatali pang'ono ndi nyumba, kuzimitsa magetsi, n'kumamwa okhaokha mumdima kwa ola lathunthu. Akatero ankalizanso galimoto n'kumaliza ulendo ataledzera. Uphungu wanga unawachotsera anzawo n'kuwasiyira mowa ndi chiwongolero.

Zimene kabuku kanaulula

Pa mlungu wachisanu ndinasiya zonse zimene ndinakonza, tinangotsegula kabuku kaja. Masiku atatu anali osiyana ndi ena onse: mabotolo awiriawiri basi. Ndinafunsa kuti kunali chiyani. Anati anali ku maphunziro a kuntchito, kutali, ankagona komweko. Anzawo akumeneko ankamwa usiku uliwonse, mowa unalipo wambiri, koma iwo ankamwa awiri oletsa kunjenjemera n'kukagona.

Apa mpamene ndinaona kulakwa kwanga. Munthu womwera macheza akakhala pakati pa anzake omwa, kutali ndi mkazi wake, amamwa kwambiri. Bambowa anamwa pang'ono. Ndipo masiku amene ankamwa kwambiri ndi kuyamba msanga anali a Lamlungu, tsiku lokhala pakhomo.

Ndinasiya kufunsa kuti amamweranji. Ndinati, "Bambo, tandiyendetseni pa mphindi khumi zomaliza musanatsegule botolo loyamba. Muli pati, mukuona chiyani, m'thupi mukumva bwanji?"

Anakhala duu nthawi yaitali. Ndinadziletsa kuwathandiza mawu, paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenako anayamba kuyankhula akuyang'ana pansi.

Pa ngozi ija munali mwana wawo wamkazi, pa nthawiyo ali ndi zaka 5, atakhala kumbuyo. Tayala linaphulika, galimoto inagubuduzika. Bambowa anali asanamwe ngakhale dontho tsiku limenelo, ndipo anatuluka ndi timabala tochepa. Mwanayo anathyoka mwendo moipa, mitsempha inawonongeka, ndipo mpaka lero amakoka phazi lakumanzere poyenda.

"Ndikangotsegula chitseko amakuwa kuti adadi abwera. Ndiye amathamanga. Koma kuthamanga kwake, alangizi, phazi lija limamveka pasimenti, khwee, khwee. Ndikangolimva ndimabwerera pamsewu paja. Ndimamva fungo la petulo. Ndimamuona ali pansi pa mpando." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Ndikakhala ndisanamwe ndimangomudutsa, kuthawira kubafa. Ndikamwa ndimatha kumunyamula."

Ngozi isanachitike ankamwa mabotolo awiri kapena atatu Loweruka lokha. Anali asanauzepo munthu aliyense zimenezi, ngakhale akazi awo.

Mmene ndinaimvera nkhaniyi tsopano

Nditawaunikanso, zizindikiro za PTSD, matenda obwera munthu akadutsa m'zoopsa, zinalipo zonse: zithunzi za ngozi zobwera zokha, maloto oopsa, kupewa msewu umene ngoziyo inachitikira, kudzidzimuka akamva kuphulika kulikonse, ndi kudziimba mlandu kosatha. Ankati akanayang'ana matayala m'mawa umenewo, mwana akanakhala akuthamanga ngati anzake. Ndinawafunsa mosapsatira ngati amaganiza zodzipha. Anati nthawi zina amalakalaka akanafa iwo pa ngoziyo, koma sanakonzepo zodzivulaza, ndipo chimawagwira ndi ana. Tinalemba dongosolo la chitetezo tsiku lomwelo, ndipo funsoli ndinkalibwereza pa kukumana kulikonse.

Edward Khantzian mu 1985 analemba kuti anthu ambiri amagwiritsa ntchito zoledzeretsa ngati mankhwala odzipatsa okha pa ululu wa mumtima. Kwa bambowa mankhwalawo ankagwiradi ntchito, ndipo ichi tisamachinyoze tikamayankhula ndi odwala athu. Mu ubongo muli mankhwala achilengedwe otchedwa GABA ndi glutamate. Mowa umawonjezera mphamvu ya GABA, yomwe imakhazika ubongo pansi, n'kuchepetsa ya glutamate, yomwe imaudzutsa. Pakangopita mphindi zochepa mtima umasiya kugunda mwamantha. Ubongo umaphunzira msanga phunziro limeneli: chowawa chabwera, ndamwa, chachoka. Phunziro la kuchoka kwa ululu limakhazikika kwambiri, chifukwa mpumulo wake umabwera pompopompo pamene malipiro ake amabwera mawa.

Malipirowo ndi awa. Ubongo womwetsedwa tsiku ndi tsiku umadzisintha kuti ulimbane ndi mowawo, ndipo mowa ukatha m'magazi umatsala uli tcheru mopitirira. N'chifukwa chake ankadzuka 2 koloko mtima uli thithithi. Mowa umagonetsa msanga koma umasokoneza tulo ta chakum'mawa, ndipo maloto amabwera mwamphamvu nthawi imeneyo. George Koob, amene wafufuza kwa zaka zambiri za ubongo wa anthu odalira zoledzeretsa, amafotokoza kuti munthu amayamba kumwa kuti amve bwino, koma m'kupita kwa nthawi amamwa kuti asamve kuipa kumene mowa womwewo wabweretsa. Bambowa tsopano anali ndi nkhawa ziwiri zolukanalukana, ya ngozi ndi ya thupi losowa mowa, ndipo sankatha kuzisiyanitsa.

Chinanso, mantha a PTSD amachepa munthu akakumana ndi chomukumbutsacho n'kukhala nacho mpaka thupi litaphunzira kuti ngozi inadutsa. Bambowa anamva phazi la mwana wawo masiku mazanamazana, koma nthawi zonse anali ataledzera kapena akuthawa. Ubongo wawo sunapatsidwe mpata ngakhale umodzi wophunzira.

Nanga n'chifukwa chiyani zinaipiraipira nditawaletsa kupita kubala? Claude Steele ndi Robert Josephs, amene mu 1990 anayerekeza kuledzera ndi maso oona zapafupi zokha, anapeza kuti mowa umachepetsa nkhawa pamene munthu ali ndi china chomutangwanitsa. Maganizo a woledzera amagwira chinthu chimodzi, chimene chili pafupi. Kubala chapafupi chinali mpira wa pa TV ndi nthabwala za anzawo. M'galimoto mumdima chapafupi chinali geti la nyumba yawo ndi chimene chinkawadikira mkati. Akuti ankamwa akulira. Anzawo aja, amene ine ndinawaona ngati gwero la vuto, ndi amene ankatchinga pang'ono.

Ndinawapepesa bambowa. Ndinawauza kuti za ngozi anandiuza tsiku loyamba ndipo ine sindinaime kuti ndimve.

Chithandizo chachiwiri

Choyamba chinali makiyi a galimoto. Ndinawauza mosabisa kuti munthu amene akuzunzika chifukwa cha ngozi imene sanalakwe akhoza kuchititsa ina imene adzalakwedi. Anapereka makiyi kwa akazi awo tsiku lomwelo.

Atamvetsa kuti kunjenjemera ndi kudzuka usiku zikudyetsa mantha awo, anavomera okha zosiya kotheratu. Izi zinachitika moyang'aniridwa ndi dokotala, chifukwa zizindikiro za kusowa mowa zimayamba pakati pa maola 6 ndi 24, kugwa ngati wakhunyu kumatha kubwera m'masiku awiri oyamba, ndipo kubwebweta koopsa kotchedwa delirium tremens, komwe kumapha, kumakonda kuyamba pa tsiku lachiwiri mpaka lachinayi. Anapatsidwa diazepam, mankhwala okhazika thupi pansi, wochepetsedwa tsiku ndi tsiku kwa mlungu umodzi, ndi thiamine woteteza ubongo. Diazepam sanapitirire mlungu umenewo, chifukwa kwa munthu wofuna chozimitsira mantha mankhwalawa akhoza kungolowa m'malo mwa botolo. Dokotala ataonanso chiwindi anawayambitsa naltrexone wochepetsa chibaba. Za matenda a kukhumudwa tinadikira kaye, popeza kukhumudwa kobwera ndi mowa nthawi zambiri kumachepa pakatha milungu ingapo munthu atasiya. Patatha mwezi kunali kutachepadi, koma zithunzi za ngozi zinali pomwepo, mwinanso zowala kuposa kale.

Kale tinkaphunzitsidwa kuti za zoopsa zakale tisazikhudze mpaka munthu atakhala miyezi yambiri osamwa. Kwa bambowa kudikira koteroko kukanakhala kuwalanda chishango n'kuwasiya pankhondo. Masiku ano pali umboni wakuti mavuto awiriwa angathe kuthandizidwa pamodzi, choncho pa mlungu wachitatu atasiya mowa tinayamba njira imene Edna Foa ndi anzake anakonza, yokumana ndi chikumbutso mwadongosolo mpaka mantha atatsika.

Mu ofesi ankafotokoza ngoziyo atatsinzina, ngati ikuchitika pompano, mobwerezabwereza. Ulendo woyamba anaima pa kuphulika kwa tayala, malaya atanyowa. Ulendo wachinayi anafika pamene anamutulutsa mwana pansi pa mpando, ndipo anakumbukira chinthu chimene chinali chitafufutika: kuti anang'amba malaya awo n'kumanga mwendo wa mwanayo kuti magazi asiye, ndipo anamunyamula mpaka kumene anapeza thandizo. Kwa zaka ziwiri ankadzikumbukira ngati munthu amene anavulaza mwana, osakumbukira kuti ndi iwonso amene anamupulumutsa.

Ntchito yovuta kwambiri inali ya pakhomo. Tinagwirizana kuti akaweruka azilowa m'nyumba ali bwinobwino, akamva phazi lija asathawire kubafa, agwade pansi n'kumudikira mwanayo afike. Azikhala naye mphindi khumi, akupima mantha awo kuyambira 0 mpaka 100. Tsiku loyamba analemba 90 ndipo anapirira mphindi zinayi. Patatha milungu itatu ankalemba 40. M'kabuku, pa tsiku lina, analemba mzere uwu: "Lero ndaona kuti akamathamanga amaseka." Anali asanayang'anepo nkhope yake pa nthawi imeneyo, maso awo ankakhala pa phazi.

Akazi awo anabwera kawiri. Atamva chifukwa chenicheni analira, n'kunena kuti, "Ine ndinkaganiza kuti mwana mumanyansidwa naye chifukwa cha kulumala." Anatinso mwanayo anawafunsapo kuti n'chifukwa chiyani adadi amamunyamula pokhapokha akamanunkha. Mawu amenewa anawalasa bambowa kuposa zotsatira za magazi, ndipo ankawatchula okha nthawi zonse chibaba chikabwera. Ndinawalimbikitsanso kubwerera kwa anzawo awiri apamtima, kuwauza zoona, n'kumakumana nawo kumalo kopanda mowa.

Kuterereka

Pa mlungu wa 14 atasiya, madokotala a mafupa ananena kuti mwanayo adzafunika opaleshoni ina. Madzulo ake bambowa anamwa mabotolo 5. M'mawa anatumiza uthenga: "Alangizi, ndabwerera pa ziro. Musataye nthawi ndi ine."

Alan Marlatt anafotokoza bwino msampha umenewu: munthu akaterereka kamodzi n'kudziweruza kuti ndi wolephera, manyaziwo ndi amene amamumwetsa botolo la tsiku lotsatira. Kwa munthu womwa pothawa kudziimba mlandu, msamphawu ndi waukulu kawiri. Ndinawaitana tsiku lomwelo. Tinawerenga masiku amene anakhala osamwa, 97, n'kuwaika pambali pa tsiku limodzilo. Tinayang'ananso zimene zinachitika pakati pa chipatala ndi botolo loyamba. Anatuluka m'chipinda cha dokotala osayankhula, anauza akazi awo kuti atsogole, n'kuyenda okha maola awiri mawu akuti "ndi chifukwa cha ine" akuzungulira m'mutu. Tinagwirizana kuti uthenga uliwonse wovuta wokhudza mwanayo ukabwera, asakhale okha madzulo a tsiku limenelo, ndipo aimbire mmodzi wa anzawo aja asanapite kulikonse. Sanamwenso mawa lake.

Mmene zilili panopa

Papita miyezi 7 chisiyireni mowa, ndipo kuterereka kunali kamodzi komweko. GGT yatsika kufika pafupi ndi mlingo woyenera, chilungulira chinatha, ndipo amagona maola 6 osadzidzimuka masiku ambiri. Maloto a ngozi amabwera mwina kawiri pa mwezi. Ayambanso kuyendetsa galimoto, ndipo ndi iwo amene amaperekeza mwanayo kumafizo Lachitatu lililonse. Naltrexone akumwabe, dokotala adzaonanso pakatha miyezi iwiri.

Zotsala zilipo. Msewu wa ngozi uja sanadutsemobe. Kudziimba mlandu kwachepa koma kumadzuka akaona ana ena akusewera mpira. Ndipo opaleshoni ija ikubwera mwezi wamawa, nthawi imene ndikuiona kuti ndi yoopsa kwambiri kwa iwo, chifukwa adzamvanso fungo la chipatala n'kumuonanso mwanayo akumva ululu. Tawonjezera kukumana kukhala kawiri pa mlungu kuyambira mlungu wa opaleshoniyo, ndipo mnzawo mmodzi wavomera kudzakhala nawo panja pa chipinda cha opaleshoni. Bambowa apempha kuti usiku woyamba adzagone m'chipatala pambali pa mwanayo ndi iwo, ndipo akazi awo avomera.